Mwana Wanga Anandipempha Magazi

1

Dzina langa ndine Frederico. Ku Lichinga kuno ambiri amangonditchula kuti Shefe, ndiye kuti Bwana, ndipo sindinawaletsepo. Ndine mkulu wa sekretariya pa sukulu ina ku Chiuaula. Aphunzitsi aakulu amabwera ndi kupita, koma chidindo cha sukulu chimagona m'kabati yanga, kiyi wake m'thumba langa. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti zopusa zimene muwerenge panozi sanachite munthu wamba.

Ine ndi mkazi wanga Arminda tili ndi mwana mmodzi yekha, Virgínia. Kunyumba timamutcha Gina. Atapeza malo ku yunivesite ku Maputo tinapha mbuzi, ndipo pa phwandolo mjomba wake, a Alexandre, alongo ake a Arminda, anamufunsa kuti akukaphunzira chiyani kwenikweni, popeza mawu akuti jenetika iwo anali asanawamvepo ngakhale kutchalitchi.

Gina anafotokoza modekha. Anati ndi maphunziro a zimene munthu amatengera kwa makolo ake. Anati ena amaphunzira zimenezi pofuna kudziwa chifukwa chake makolo awiri akuda amabereka mwana wachialubino, kuti mayi asamanamiziridwe zoipa. Ena amafuna kuthandiza ana aja amakhalira kutha magazi ndi kulira ndi mafupa kukazizira. Ena amafufuza chifukwa chake mankhwala amodzimodzi amachiza uyu n'kudwalitsa uyo. Pomaliza anati ngakhale kukhoti amaitana anthu a jenetika akafuna kudziwa bambo weniweni wa mwana.

Pamenepo amuna anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. A Alexandre anati makina amenewo akadzafika ku Chiuaula, theka la amuna lidzathawiranso ku Malawi popanda nkhondo.

Mayi wina anafunsa kuti nanga iyeyo, pa zonsezi, chamukoka n'chiti. Gina anayang'ana m'mbale mwake, nati adzanena akadzabwerako. Ine ndinamuyankhira. Ndinaimirira n'kuuza anthu kuti sipafunika kupita ku Maputo kuti munthu adziwe kumene mwanayu anatenga mutu. Anthu anawomba m'manja. Gina sanawombe.

2

Anamaliza ku Maputo, napezanso mwayi wokapitiriza ku Brazil. Chaka chatha anabwerako ali Dotora, napeza ntchito ku Nampula. Anatibweretseranso mnyamata, Márcio, mlangizi wa alimi a nyemba ndi mbatata ya kachewere. Ndi mnyamata waulemu, amadziwa kudikira kuti ndimalize kulankhula. Ankhoswe anakumana, ukwati unaikidwa mu Ogasiti, ine n'kukasoketsa suti ya mabatani agolide.

Lamlungu lina Gina atabwera kudzacheza, titachokera ku Misa, tinali kumwa tiyi atatu. Kapu inandipulumuka. Makapu a masiku ano zogwirira zake amapanga anthu opanda chikumbumtima, ndipo iyi sinali yoyamba mwezi umenewo. Gina anayang'ana amayi ake, kenako anaika supuni pansi.

"Papá, ukwati ndauimitsa kaye. Sindikwatiwa mpaka mutapereka magazi anu kuti akawayeze."

Ndinafunsa kuti akayeze chiyani. Anati tipite limodzi kwa dokotala wina amene amamudziwa, akandifotokozere bwinobwino, chifukwa si nkhani yokambira pa tiyi. Ndinamukumbutsa kuti m'nyumba imeneyo wofotokozera anthu zinthu ndine, ndiponso kuti magazi anga sanandidandaulirepo. Ndinatembenukira kwa Arminda kuti andithandize. Iye anali kupukuta tiyi patebulo. Anapukuta malo amodzi nthawi yaitali, malo ouma kale, osadzutsa mutu.

Ndipamene ndinakumbukira za kukhoti zija.

3

Munthu akayamba kukayikira, maso amachuluka. Ndinaona kuti Gina sandiyang'ana kumaso polankhula nane. Amayang'ana zala zanga, mapewa, pakamwa. Madzulo ena ndinamuona ataima pazenera, akundionerera ndikuchokera kuntchito, kuyambira pa mitengo ya paini ya kumsewu mpaka pageti. Ndinadziwa chimene akuchita. Anali kudzifunafuna mwa ine, ndipo samadzipeza.

Gina asanabadwe, boma linanditumiza ku Cuamba kukaphunzira ntchito za m'maofesi. Kunyumba ndinkabwera mwa apo ndi apo. Pafupi ndi ife pankakhala mkulu wina dzina lake Gércio, wogwira ntchito ya unamwino, mwini njinga yamoto yofiira. Iyeyu ankathandiza Arminda kunyamula chimanga kupita nacho kuchigayo. Nthawi imeneyo ndinamuthokoza ndi tambala wonenepa. Gércio anamwalira kale, ndipo zimenezi zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa panalibe womugwira pakhosi. Kenako ndinakumbukira kuti munthuyo anali wa zachipatala. Nanga mwana wa mlembi wa mu ofesi angafunenji m'magazi a anthu? Mutu uja ndinaudzitamira pa phwando unayamba kuoneka ngati wa eni ake.

Kuntchito zinthu zinayamba kupendama. Chidindo, chimene kale chinkagwa pakati penipeni pa pepala, chinayamba kugwera m'mbali, nthawi zina pamwamba pa dzina la mwana. Saini yanga inayamba kuoneka ngati ya munthu wina wofuna kundibera. Tsiku lina ndinakalipira mtsikana wotithandiza mu ofesi mpaka analira, nkhani yake ya cholembera. Kenako ndinamva mphekesera yakuti Shefe wayamba kumwa m'mawa, ati wina anandiona ndikudzandira pa masitepe. Ine mowa sindiudziwa kukoma kwake.

Zonsezi ndinaziika pamutu pa Arminda. Munthu amene mkazi wake wamunamiza moyo wonse angadinde bwanji mowongoka?

4

Gina atabwerera ku Nampula kuntchito, ndinaitanitsa ankhoswe.

Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi. Mwamuna ndi mlendo, amabwera kudzabereka ndi kufolera nyumba. Choncho mwini nkhani za Gina ndi a Alexandre, ndipo anabwera ndi akuluakulu anzawo. Tinakhala pakhonde. Kunali mphepo ya mu Juni ija yolowa m'mafupa, ine n'kuvala jekete la kuntchito kuti anthu adziwe kuti nkhaniyo si yamasewera. Ndinayala mlandu wanga mwadongosolo ngati lipoti la kumapeto kwa chaka: Cuamba, njinga yamoto, chigayo, tambala, ndi mwana amene akupempha magazi a munthu amene wamulera. Ndinalankhula mokweza, moti oyandikana nafe sanavutike kufunsa aliyense pambuyo pake.

A Alexandre anandidikira mpaka ndinatha mpweya. Kenako anati, "Kunyado, alamu anga, zaka zonsezi ndimakuonani ngati munthu wodzimva koma wosaluma. Lero mwandiphunzitsa."

Anapempha mlongo wawo kuti ayankhe. Arminda anati mawu ngati amenewo alibe yankho, ndipo iye akupita kwa amayi ake ku Chimbonila kuti akapume. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachikwama kamodzi.

Ndinkayembekeza kulira, kapena kutukwana, kapena kugwada. Sanachite chilichonse cha zimenezi. Anaima patsogolo panga, naona kuti batani la jekete ndalowetsa pabowo lolakwika. Analimasula, nalikonza, nasalaza kolala ndi dzanja. Anandiyang'ana monga amayang'anira munthu amene wagonekedwa m'chipatala pamene dokotala waitanira abale panja. Kenako anapita.

Sabata isanathe, a kwawo kwa Márcio anatumiza munthu kudzafunsa kuti mtsikana amene akufuna kukwatirayo ndi wa Shefe kapena wa malemu.

5

Loweruka m'mawa galimoto ya Márcio inaima pageti. Gina sanandipatse moni.

"Kwerani, Papá. Tikupita ku Lione."

Ndinamuuza kuti ku Lione ndilibe m'bale. Sindinaname. Lione ndi kwawo kwa bambo anga, ndipo bambo, monga ndanena, ndi mlendo. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi, cha ku Mangochi, ine ndili mnyamata. Bambo anamwalirira komweko, ku msasa wa othawa nkhondo. Mtendere utabwera, amayi anatitengera kwa alongo awo, ndipo anthu a ku Lione tinawasiya kumene tinawasiya. Panalibe mkangano. Kungoti si athu.

Gina ali ku sekondale anandifunsapo kuti kwathu kuli matenda anji. Ndinamuwerengera monyadira: agogo anga aakazi amene anayenda pansi kupita ku Malawi ndi kubwerako, amalume anga amene anamwalira ndi mano onse m'kamwa, amayi amene mpaka lero amalowetsa ulusi m'singano opanda magalasi. Nthawi ina dokotala anandifunsanso funso lomwelo, ndinamuyankha chimodzimodzi, iye n'kulemba. Palibe amene anati, nanga kwa bambo anu? Ngakhale ine sindinadzifunse.

Tili m'njira ndinakumbukira kuti Gina anafikako kale ku Lione. Chaka chake chomaliza ku sekondale kunabwera uthenga wa maliro a mlongo wa bambo anga. Sabata imeneyo kusukulu kunali oyendera, komanso sanali maliro oti munthu ngati ine atsekere ofesi. Ndinatuma Gina ndi shuga ndi nsalu. Anabwerako ali chete. Ndinaganiza kuti ndi msewu.

Márcio anaimika galimoto pamapeto pa munda wa chimanga chouma, nati atidikira pomwepo. Mayi wina anatuluka m'nyumba, namukumbatira Gina pomutchula dzina, ngati munthu amene amabwera kawirikawiri. Anatitengera kuseri.

Pamphasa panali mwamuna wamkulu kwa ine pang'ono, woonda ngati nsungwi. Gina anati ameneyu ndi Ilídio, mwana wa malemu mlongo wa bambo anga uja, msuweni wanga. Munthuyo anali atakhala pansi, koma thupi lake silinakhale. Phewa limakwera, mutu umatembenuka, dzanja limauluka n'kubwerera, milomo ikukokedwa uku ndi uku. Mkazi wake ankamumwetsa phala, akudikira kuti kamwa lidutse pafupi ndi supuni. Cha kunkhokwe kunadutsa mayi wina wocheperapo, mlongo wake wa Ilídio, akuyenda ngati wachokera ku mowa wa masiku awiri.

Ndinali nditaziwonapo zimenezi. Ku msasa kuja anthu ankati bambo anga ndi chidakwa, ena ankati nkhondo yawalowa m'mutu. Ankavina popanda ng'oma. Asanayambe kuvinako anayamba ndi ukali, kumenya amayi, kuwanamizira amuna onse a mumsasa mpaka wogawa ufa. Kumapeto tinkawamanga ndi chitenje pa mtengo wa nyumba kuti asagwere pamoto. Ndinkamanga ndine, chifukwa mfundo zanga sizinkamasuka.

Mkazi wa Ilídio anati m'mudzimo anthu amati banjali linaponda penapake nthawi ya nkhondo, ndipo ana awo aakazi palibe akuwafunsira. Ilídio anandiyang'ana nthawi yaitali, maso akuthawa n'kubwerera. Mawu ake ankatuluka movutikira, ngati akuwakoka m'chitsime.

"Mwana wa amalume. Wafanana nawo." Anapuma, nayang'ana pabondo langa. "Nawenso wayamba."

Ndinayang'ana. Dzanja langa lamanja linali pabondo, zala zikusewera zokha ngati zikulemba pa makina. Ndinaliuza kuti lisiye. Linasiya pang'ono, monga amachitira ana a sukulu ndikamadutsa, kenako linayambiranso.

6

Gina anandifotokozera tili chiimire m'munda muja, chifukwa kwa dokotala ndinali nditakana.

Anati matendawa amatchedwa Huntington, dzina la dokotala amene anawafotokoza. Safuna makolo awiri, mmodzi akwana. Safunsa kuti uyu ndi wa kuchikazi kapena wa kuchimuna. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense ali pakati ndi pakati, akhoza kutenga, akhoza kupulumuka. Kawirikawiri amadikira kuti munthu akule, akwatire, abereke, ndiye n'kutulukira. Mwa ambiri amayamba ndi ukali ndi kukayikira anthu, kuvina kumabwera pambuyo. Mankhwala ochepetsa kugwedezeka alipo. Ochiza sanapezeke.

Anati tsiku la maliro lija anaona anthu ovina popanda ng'oma, onse a nyumba imodzi, ndipo mayi wina anamuuza kuti agogo ake aamuna analinso choncho. Usiku sanagone. Ndicho chinamutengera ku Maputo ndi ku Brazil. Zaka zonsezo ankapemphera kuti matendawa akhale atandidumpha ine, chifukwa akandidumpha ine, iyenso wapulumuka pamodzi ndi ana amene adzabereke. Koma ali kunja amayi ake anayamba kumuuza pa foni kuti ndayamba kuswa makapu, kuponda anthu kutulo, kupsa mtima ndi zinthu zopanda pake. Anagwirizana kuti asanditchulire dzina la matenda osachiritsika popanda dokotala pafupi. Márcio anamuuza zonse asanaimitse ukwati.

Ndinafunsa funso limene linali litatsala, ngakhale linali litayamba kale kununkha.

"Ndiye sunkafuna kudziwa ngati ndine bambo ako?"

"Papá, ndikanakhala wa a Gércio bwenzi nditakwatiwa kale."

Magazi ndinapereka Lolemba. Anawatumiza ku South Africa, ndipo anatenga nthawi. Tsiku limene zotsatira zinabwera, dokotala anandifunsa ngati ndabwera ndi munthu wina. Ndagwira ntchito mu ofesi moyo wanga wonse, ndimadziwa nkhope ya munthu amene akufuna kukuuza kuti dzina lako lili pa mndandanda wa olephera. Ndinamuuza kuti asavutike ndi Chipwitikizi chachitali. Anagwedeza mutu. Ine ndinagwedezanso, koma sindikudziwa ngati ndinachita kufuna.

7

Ku Chimbonila ndinapita ndekha pa shapa, minibasi yathu ya kuno. Arminda ndinamupeza kuseri kwa nyumba ya amayi ake akupeta nyemba. Ndinagwada. Mbali ina ndinachita dala, mbali ina anali mawondo.

Ndinapepesa. Ndinamuuza zimene dokotala ananena, n'kuwonjezera kuti mwina nsanje ija sinali yanga, inali ya matenda. Arminda anati matenda savala jekete n'kuitanitsa ankhoswe. Ndinavomera. Anandipatsa mpando, napitiriza kupeta.

Njira yonse pa shapa ndinali ndi pempho limodzi. Panali khomo limodzi lokha limene Gina akanatulukira, ndipo ndinali nditalipeza ndekha mwezi wa Juni, kungoti nthawi imeneyo ndinkaliyesa dzenje.

"Mayi a Gina, za Gércio zija. Ngati zinachitikadi, ngakhale kamodzi kokha, ndiuzeni. Sindikwiya. Ndikalambula manda ake ndi manja angawa."

Arminda anaika lichero pansi. Nkhuku zinayamba kutola nyemba pamapazi pake, iye osaziingitsa.

"Kuyambira tsiku limene Gina anandiuza, ndakhala ndikulakalaka ndikanachimwa. Ndi wanu, bambo a Gina. Pepani."

8

Inu owerenga, sindine munthu wozolowera kupempha, koma ndimvereni. Akakufunsani kuchipatala kuti kwanu kuli matenda anji, kumbukirani kuti munalowa m'dziko lino kudzera pa makomo awiri. Mwambo wathu umadziwa kuti mwana ndi wa ndani, amene adzamuimire pa mlandu, amene adzamuike m'manda, ndipo pa zimenezo sindiutsutsa. Koma magazi sanapite ku chinamwali, mwambowo sakuudziwa. Pitani kwawo kwa bambo anu, ngakhale kulibe maliro. Mukakhale nawo pamphasa, muone mmene amayendera, mufunse kuti akuluakulu awo anafa bwanji. Ndipo mwana wanu akasankha maphunziro achilendo, musamuyankhire. Mufunseni chifukwa chake, kenako mutseke pakamwa.

Arminda anabwerera kunyumba. Ku Lione ndimapitako tsopano, ndimakhala pafupi ndi Ilídio, tikumacheza za bambo anga, amene iye amawakumbuka asanadwale. Akuti anali munthu wanthabwala. Ine zimenezo sindinkazidziwa.

Márcio akuti adzakwatira Gina ngakhale zotsatira zitakhala zotani. Gina akuti adzamuyankha akadziwa, chifukwa munthu salonjeza kunyamula katundu amene sanamuone. Magazi ake anapita mwezi watha. Watenga tchuthi, ali nafe kuno, ndipo timadya atatu monga kale, ine ndi mbale yapulasitiki. Foni yake ikalira, tonse timasiya kutafuna.